Mmene ndimafutsira nyama kuti ikhalitse, komanso za zakudya zomwe deti yake inapita

Chaka cha 2024 chija chilala chitavuta madzi a damu la Kariba lomwe limatipangira malaiti kuno ku Zambia n'kutsika, malaiti amapita m'mawa kubwera pakati pa usiku, masiku ena osabwera n'komwe, ine ndinataya mwendo wonse wa mbuzi imene tinagawana ndi alamu anga. Unali mu dipu fuliza ndipo ndimaganiza kuti uli bwinobwino kaili sitimatsegulatsegula, koma tsiku lachitatu nditasuzumira pansi panali madzi a magazi, nyama ikuterera, fungo linadzaza nyumba yonse. Zinandiwawa kwambiri chifukwa inali ndiwo ya ana ya mwezi wathunthu. Kuchokera pamenepo ndinabwerera ku njira ya ambuya anga a ku Chadiza omwe analibe fuliji moyo wawo wonse koma nyama m'nyumba mwawo siimavunda, ndiye ndati ndikuuzeniko anzanga mmene ndimachitira.

Nkhani imayambira pogula, moto ndi mchere zimabwera pambuyo. Kufutsa kumasunga nyama yomwe ili bwino kale, koma yomwe yayamba fungo kapena ya chiweto chodwala siisintha olo muiwambe sabata yonse. Kumudzi ng'ombe ikafa yokha anthu amamva chisoni kuikwirira, amati tiyeni tiiwambe matenda athera pa utsi, abale anga ichi ndiye chimatipweteketsa. Mu 2011 ku Chama mvuu zambiri zinafa mu Luangwa ndi matenda a anthrax, anthu poti kunali njala anakatenga nyama ija, kusenda, kuyanika, kudya, opitirira 500 anadwala ndipo asanu anamwalira. Tizilombo ta anthrax sitifa ndi dzuwa, mchere kapena utsi, timakhala m'dothi zaka zambirimbiri, ndipo munthu ukhoza kudwala pongosenda chikopa chabe usanalawe n'komwe, pamkono pamatuluka chilonda chokhala ndi chikhungu chakuda pakati. Mu 2023 matendawa anabukanso m'zigawo zambiri za Zambia muno. Ndiye chiweto chikafa mwadzidzidzi, makamaka magazi akuda akamatuluka kumphuno kapena kumbuyo, musachitumbule, itanani a vetenale.

Ya nkhumba nayo, poti kuno kum'mawa pafupifupi mudzi uliwonse nkhumba zimangoyenda zokha, yang'anani masese musanapereke ndalama. Ndi tija toyera tonga mpunga tili mkati mwa mnofu, timapezeka kwambiri pa lilime, m'masaya, pamtima ndi paphewa. Amenewo ndi ana a njoka ya m'mimba ija yaitali yamfundomfundo, ukadya nyamayo yosapsetsa njokayo imakula m'matumbo, mazira ake amatuluka ndi chimbudzi, ndiye akalowa m'kamwa mwa munthu kudzera m'manja osasamba kapena madzi oipa amatha kukafika ku ubongo munthu n'kuyamba khunyu. Kuyanika sikupha masese modalirika ayi. Ine ya nkhumba sindifutsa n'komwe, mafuta ake ndi ambiri ndipo mafuta ndi amene amaononga nyama youma.

Manje tinene kuti mwapeza ya ng'ombe kapena ya mbuzi yabwino, yophedwa tsiku lomwelo, gulani m'mawa ndipo ntchito iyambe mukangofika pakhomo, osati muyambe mwazungulira nayo mu msika wa Kapata ku Chipata maola atatu ili m'pulasitiki padzuwa. Sankhani mnofu wa ntchafu kapena wa msana. Chotsani mafuta onse, aphikeni lero lomwe ndi ndiwo zina, chifukwa mafuta sauma, amangosanduka achikasu n'kuyamba fungo lija lowawa pakhosi. Sambani m'manja ndi sopo, mpeni ndi thabwa mutsuke ndi madzi otentha. Dulani timizere tatitali motsatira ulusi wa mnofu, kunenepa kwake kusapose chala chanu chaching'ono, ndipo yesetsani tonse tifanane, mukasiya tina tonenepa ndi timene timadzatsala ndi madzi mkati n'kuwoletsa tinzake.

Mchere ine ndimaika supuni yaikulu imodzi ndi theka pa kilo imodzi, ndiye kuti magalamu ngati 25 mpaka 30. Tikitani ndi manja paliponse pafike, vundikirani m'beseni yoyera pamthunzi ola limodzi kapena awiri, madzi ofiira amene atuluke muwataye. Amene ali ndi viniga akhoza kuwaza pang'ono asanaike mchere, ndi mmene anzathu a ku South Africa amapangira biltong, ntchentche siziikonda ndipo chuku chimachedwa kugwira. Koma ambuya anali ndi kachitidwe kena komwe ndimaona kuti n'kanzeru kwambiri, amawiritsa madzi a mchere kenako n'kuponyamo timizere tija mphindi zochepa chabe mpaka tisinthe mtundu, ndiye kutsanula n'kuyanika, monga momwe timachitira ndi mfutso wa chibwabwa kapena khwanya. Kutentha kuja kumapha tizilombo tambiri tomwe dzuwa lokha silingaphe, ndipo nyamayo imauma msanga. Kukakhala kotentha ngati mu October ndimatsata njira imeneyi basi.

Poyanika, nyengo yabwino ndi June mpaka August, kumazizira, mpweya ndi wouma, kamphepo kakuomba, ntchentche n'zochepa. Pachikani pa waya woyera pamalo opita mphepo, timizere tisagundane, pamwamba pomwe agalu ndi amphaka safika. Phimbani ndi sefa ya waya kapena nsalu yopyapyala ya katani, koma chonde osagwiritsa ntchito neti ya udzudzu ija ya ku kiliniki, ili ndi mankhwala ndipo si ya pa chakudya. Ntchentche imodzi yobiriwira ija ikatera imasiya mazira m'makwinya a nyama, mawa lake mwapeza mphutsi. Dzuwa likamalowa lowetsani m'nyumba kuopa mame, m'mawa mutulutsenso. Masiku anayi kapena asanu imakhala yauma.

M'dzinja musavutike ndi dzuwa, mpweya umakhala ndi chinyezi nyama imayamba kuterera isanaume, apa n'kuwamba basi. Ikani sefa pamwamba pa mbaula kapena pa dramu lodula, italikirane ndi moto ngati mkono umodzi. Maola oyamba moto ukhale wamphamvuko kuti nyama ipse mpaka mkati, kenako chepetsani patsale makala ndi utsi, muzitembenuza. Apa ndi pomwe ambiri amalakwa, amafulumira, amasonkha moto waukulu kunja n'kuuma gwa kuchita kuda, iwo n'kuona ngati yatha, koma mkati muli madzi otsekeredwa ndipo pakapita masiku atatu imayamba kuola kuchokera mkati. Bola moto wochepa masiku awiri. Nkhuni zikhale zouma za mitengo yolimba, ya mango imachita bwino, zitsononkho nazo zimatulutsa utsi wabwino, koma matabwa opentedwa, mapolo opaka mankhwala, mapulasitiki kapena makatoni ayi ndithu, utsi wake umakakamira pa nyama ndipo ndi poizoni.

Kuti mudziwe kuti yauma tengani kamzere konenepa kwambiri mukathyole. Kakathyoka kapena kung'aluka ngati khungwa louma, mkati mtundu uli umodzimodzi ndi kunja, ndiye yatheka. Kakapindika ngati labala, kapena mkati muli mofiira monyowa, bwezerani pamoto. Amene muli ndi sikelo yezani, kilo imodzi ikauma bwino imatsala magalamu ngati 350 kapena 400, ikamalemera kuposa theka la kilo madzi akadalimo.

Kusunga tsopano. Isiyeni izizire kaye, mukaitsekera yofunda imachita thukuta. Pulasitiki ndi mdani wa nyama yofutsa, ndanena kambirimbiri kwa azimayi anzanga koma amaikabe mu jumbo n'kumanga mfundo, sabata siitha chuku chagwira. Ikani mu thumba la nsalu, mu pepala la khaki kapena mu kadengu, pachikani kukhitchini pamwamba pa moto pomwe utsi umafika tsiku ndi tsiku, ndi pomwe ambuya amaika ndipo tizilombo sitimayandikira. Amene mumaphikira pa sitovu pachikani m'chipinda chouma chopita mphepo, osati pansi pa simenti kapena mogundana ndi khoma. Sabata iliyonse tsitsani muione, muinunkhize, ikayamba kufewa iwambeninso, makamaka January ndi February. Ine sindiisunga kupitirira miyezi iwiri kapena itatu.

Mukaona zoyera pamwamba musathamangire kutaya, khudzani kaye, zikakhala zouma zonga mchenga ndi mchere chabe watulukira kunja. Zikakhala ngati thonje ndi chuku. Kadontho kamodzi koyera pa nyama youma gwa ndimadula mokuza n'kutaya, yotsalayo ndimapukuta ndi viniga n'kuiwambanso, koma chikakhala chobiriwira kapena chakuda, chafalikira, nyama yafewa kapena ikununkha, yonse ipite kudzala. Ndipo nyama yofutsa kunyumba muziiphika ndithu, nyikani m'madzi, wiritsani mpaka ifewe ndiye mutendere ndi nsinjiro, osapatsa ana kuti azingotafuna yosaphika.

Mbewa lamulo lake ndi lomweli, kutumbula, kuwiritsa ndi mchere, kuwamba mpaka ziume. Zogula pamsewu zitsineni pamimba, zikakhala zofewa kapena zikutulutsa madzi zisiyeni, ndipo za munthu amene simukudziwa mmene anazigwirira samalani chifukwa ena amathira poizoni wa makoswe m'minda ndi m'nkhokwe. Nsomba zowamba zija timagula pa Luangwa Bridge pochoka ku Lusaka, tsegulani kumutu ndi pamimba muone, mukapeza ufaufa ndi timabowo ndiye kuti tizilombo tadya kale mkati. Mukafika kunyumba ziwambeninso pang'ono musanasunge poti zayenda m'basi zili zomanga. Kapenta wabwino amakhala wouma wowala, akachita bii n'kumamatirana kapena kununkha ngati mkodzo wanyowapo ameneyo, amawawa ndipo amayabwa pakamwa. Chinthu chimodzi ndikupempheni amene mumagulitsa, musapopere mankhwala a mphemvu pa nsomba kapena kuthira aja a chimanga kuti tizilombo tisalowe, anthu amadya ndi ana awo.

Tibwere ku za m'shopu, poloni, soseji, ma Hungarian, bacon ndi ham. Anthu amaganiza kuti poti zinathiridwa mchere ndi mankhwala ku fakitale ndiye zili ngati nyama yofutsa, ayi, zimenezi zili ndi madzi ambiri ndipo moyo wake ndi fuliji. Mukukumbuka mu 2017 ndi 2018 ku South Africa anthu opitirira 1,000 anadwala listeriosis, opitirira 200 anamwalira, ambiri mwa iwo makanda obadwa kumene, ndipo gwero lake linapezeka kuti ndi poloni ya ku fakitale ina ya ku Polokwane, mpaka kuno boma linaletsa kulowetsa zinthu zimenezi. Kachilombo ka Listeria kamaswana ngakhale mu fuliji mozizira, ndipo poloniyo siinunkha, siisintha mtundu, imakoma bwinobwino. N'chifukwa chake mphuno yokha siyokwanira. Poloni mukaitsegula ithe m'masiku atatu mpaka asanu, soseji yaiwisi ndi minsi tsiku limodzi kapena awiri, apo ayi iumitseni mu fuliza. Amayi oyembekezera, agogo okalamba ndi amene chitetezo cha m'thupi chinatsika, poloni muziikazinga itenthe mpaka mkati musanadye. Paketi ikafufuma ngati baluni kapena mkati muli madzi oterera oyera, olo deti isanakwane, tayani. Ndipo ija yodula m'tizidutswa pa kantemba yakhala pa thebulo kuyambira m'mawa, ine sindigulira mwana wanga.

Tizilombo timaswana kwambiri pakati pa madigiri 5 ndi 60, ndiye fuliji izikhala pansi pa 5. Malaiti akapita, fuliji yosatsegula imasunga kuzizira maola ngati 4 chabe, dipu fuliza yodzaza masiku awiri, ya theka tsiku limodzi, ndipo ndi kutentha kwathu kuno musayembekezere kuti ifika pamenepo. Ine pano ndimadzaza mabotolo a madzi m'mipata yonse kuti aume akhale ngati ayisi, pamwamba ndimafunditsa bulangete koma osatseka kumbuyo kopumira. Nyama ikasungunuka koma ikadali ndi timiyala ta ayisi mkati mukhoza kuiumitsanso. Ikasungunukiratu koma ikuzizirabe, phikani kapena wambani tsiku lomwelo. Ikafunda, yatha, ndipo vuto lalikulu ndi lakuti malaiti akabwera usiku imaumanso m'mawa n'kumaoneka ngati palibe chachitika, chizindikiro chake ndi magazi ouma pansi pa paketi.

Zotsala za dzulo ndiye nkhani ya nyumba iliyonse. Chakudya chophika chisakhale pabwalo kupitirira maola awiri, kukatentha kwambiri ola limodzi. Opanda fuliji, ngakhale si njira yotetezeka kwenikweni, ndiwo za masana muziwiritsenso madzulo zibwate zenizeni, vundikirani, musalowetsemonso supuni yomwe wina wanyambita, m'mawa mubwatitsenso musanadye, koma zisafike tsiku lachitatu. Ndiwo zotendera komanso nyemba zimasasa msanga kuposa zonse, zikachita thovu kapena ulenda musayese kuzikonza ndi soda. Chimbala, ena amati mkute, chiotcheni kapena chitenthetseni bwino, chikamatuluka ulusi pochinyema chisiyeni. Mpunga ndiye anthu saudziwa, uli ndi kachilombo kotchedwa Bacillus cereus komwe sikafa pophika, mpunga ukagona pofunda kamatulutsa poizoni yemwe sachoka olo muukazingenso, ndipo munthu amayamba kusanza pasanathe maola asanu kapena asanu ndi limodzi. Uja wa ku ukwati wobwera nawo mu kontena wakhala tsiku lonse mu tenti, musapatse ana m'mawa mwake.

Za madeti. Pa paketi pamalembedwa mawu awiri osiyana ndipo ambiri timangoti zonse zaekisipaya. Pakalembedwa use by kapena expiry date, makamaka pa nyama, nkhuku, mkaka wa fuleshi, yogati ndi poloni, tsikulo likapita musadye olo zikuoneka bwino. Pakalembedwa best before akutanthauza kuti kukoma kwake kumayamba kuchepa likadutsa tsikulo, ndiye mabisiketi, makaroni, mpunga, tiyi, ufa wa tirigu, zikapitirira masabata angapo zili zotseka pamalo ouma, zopanda chuku kapena anankafumbwe, mukhoza kudya, ine ndimadya. Shuga ndi mchere sizionongeka zikapanda kunyowa. Saladi, mafuta ophikira aja, akakalamba amanunkha ngati penti, ameneyo mutaye. Mkaka wa m'chitini wa makanda wokha ndiye palibe kukambirana, deti ikapita osamupatsa mwana.

Koma deti imagwira ntchito pa chinthu chomwe chasungidwa bwino ndipo sichinatsegulidwe. Mkaka wa m'bokosi wolembedwa miyezi isanu ndi umodzi mukautsegula ndi wa masiku ochepa mu fuliji, kunja ndi wa tsiku lomwelo. Pogula muziwerenga, makamaka zinthu zotsitsidwa mtengo kwambiri, ndipo deti ikaoneka yofufutidwa kapena pamatidwa kapepala kena pamwamba bwezani. Kugulitsa zakudya zoekisipaya n'kulakwira lamulo, tili ndi Food Safety Act ya 2019, mukhoza kukanena kwa a zaumoyo ku khonsolo kapena ku CCPC, bungwe la boma loteteza ogula.

Zam'chitini monga bifi, nsomba ndi nyemba zimakhalitsa kwambiri, apa muziyang'ana chitinicho kuposa deti. Chikatupa kumwamba kapena pansi, chikachita dzimbiri lobooka, chikaphwanyika pa msoko, kapena potsegula chikapopa madzi ndi mpweya, musalawe olo kunsonga kwa lilime. Mukhoza kukhala poizoni wa botulism yemwe amafoola minofu mpaka munthu kulephera kupuma. Zotsala musasiye m'chitini chotsegula, tsanulirani m'mbale yovundikira.

Ndisaiwale chuku cha nsawa ndi chimanga poti kuno ndi kwawo kwa nsawa. Chuku chimenechi chimapanga poizoni wotchedwa aflatoxin, sachoka pokazinga, pophika kapena posinja, amaononga chiwindi pang'onopang'ono mpaka khansa ndipo ana amapinimbira. Mu August 2024 unduna wa zaumoyo unalengeza kuti agalu pafupifupi 400 anafa atadya chakudya cha chimanga chokhala ndi aflatoxin, ndipo ufa wa zigayo zina unachotsedwa pamsika. Chomwe chimandidandaulitsa n'chakuti nsawa zabwino timagulitsa, zofwifwa ndi zobooka ndi zomwe timasinja nsinjiro ndi chiponde cha ana athu. Sankhani musanasinje, zakuda, zamakwinya, zowawa, tayani ndipo musapatse nkhuku kapena ng'ombe ya mkaka. Musawaze madzi pa nsawa kuti zisavute kuswa, ndipo matumba akhale pa matabwa osati pansi.

Zikachitika kuti wina wadya choipa wayamba kutsegula m'mimba kapena kusanza, choyamba ndi madzi. Ngati mulibe paketi ya ORS, ija yosungunula m'madzi yobwezeretsa madzi m'thupi, tengani lita imodzi ya madzi owiritsa ozizira, masupuni aang'ono 6 a shuga osadzaza mulu ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere, azimwa pang'onopang'ono pafupipafupi, woyamwa apitirize kuyamwa. Koma mukaona magazi m'chimbudzi, thupi latentha kwambiri, akusanza chilichonse, maso alowa, sakukodza, kapena ndi khanda, mayi woyembekezera kapena nkhalamba, musagone naye kunyumba. Akamaona zinthu ziwiriziwiri, zikope zikugwa, akulephera kumeza kapena kulankhula bwino atadya zam'chitini kapena nyama yosungidwa, thamangani naye kuchipatala nthawi yomweyo olo pakati pa usiku. Tengani paketi kapena chitini chija mukawaonetse adokotala, ndipo muwauze ena onse amene anadya nawo mbale imodzi.